Gas block yosintha: mugule mutadziwa chimene ikukagwira

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa achimwene ena a ku Texas. Akumanga mfuti yawo yoyamba ya AR-15, ya barrel (mpope wodutsamo chipolopolo) ya mainchesi 16, ndipo akufunsa kuti gas block yosintha yabwino ndi iti. Kameneka ndi kachitsulo ka pa barrel kamene mumapanira kapena kutsegulira mpweya woyendetsa mfuti. Nditawerenga ndinapita kugalaja kukatsegula kabati. Muli gas block zotere ziwiri, zogula ndi ndalama ya thukuta, ndipo imodzi inauma gwa moti screw yake siitembenukanso mpaka lero.

Achimwene, ndiloleni ndiyambe ndi manyazi anga.

Ine ndimakhala kuno ku South Bend, Indiana, kumene mphepo yochokera ku nyanja ya Michigan imatikhuthulira sinowo ngati tinailakwira. Mfuti yanga yoyamba ndinaimanga mwezi wa July, kukutentha. Ndinali nditaonera mavidiyo ambirimbiri a anthu otama mfuti yofewa paphewa, ndiye ndinapana mpweya mpaka kutsala kochepetsetsa koti bolt, chitsulo chokankhira chipolopolo mu barrel, ibwerere. Ndinkawombera zipolopolo za 5.56 NATO, zamphamvu, mfuti ili yoyera ndiponso yodzola bwino. Inkangoti tswi, tswi, osakankha. Ndinadziona katswiri.

Januwale atafika, mnzanga wa kuntchito ananditengera kufamu ya apongozi ake, kumene ma coyote, zilombo zonga nkhandwe, ankavutitsa nkhosa. Tsikulo ndinanyamula zipolopolo za .223 zotsika mtengo, zofookerapo. Tisanapite kutchire tinati tiyese kaye pa chandamale kuseri kwa khola. Ndinawombera kamodzi, phaa! Kukokanso, zii. Bolt sinabwerere mokwanira kuti itenge chipolopolo china. Ndinati palibe vuto, nditsegulira mpweya. Koma screw ili mkati mwa handguard (chophimba barrel chimene timagwira ndi dzanja), Allen key yake yaying'ono ngati kamtengo ka machesi, zala zachita dzanzi ndi chisanu, ndipo mwaye wa miyezi isanu ndi umodzi unali utaimata. Ndinakakamiza mpaka mutu wa screw unaphwanyika. Mdala mwini famu anaima pambali ndi mfuti yake yakale yokokera pamanja, osanena kanthu. Anangonditambasulira kapu ya khofi. Kukhala chete kwakeko kunandiwawa kuposa akanandiseka.

Pobwerera ndinkaganiza za agogo anga aamuna ku Ntcheu ndi gogodera wawo wothamangitsira nguluwe kumunda. Ankathira wonga, n'kusinja ndi kandodo, n'kudikira. Mfutiyo inalibe chosintha chilichonse, ndipo sindikumbuka tsiku limene anabwera kunyumba akudandaula za screw. Sindikunena kuti tibwerere ku gogodera ayi. Pamenepa ndinenerepo kwa abale a kumudzi amene mumandilembera kuti ndikutumizireni zipangizo za mfuti mu katundu: musatero. Kutulutsa zida zotere mu America popanda chilolezo ndi mlandu waukulu, ndipo ine ndende sindiifuna.

Tibwerere kwa inu, achimwene a ku Texas. Mfuti ya mtundu wanuwu, imene maziko ake anakonza Eugene Stoner ku kampani ya ArmaLite m'zaka za m'ma 1950, imadziyendetsa ndi mpweya wake womwe. Pa barrel pali kabowo. Chipolopolo chikangodutsa pamenepo, mpweya wotentha umakwera kulowa mu gas block, n'kudutsa mu kapaipi kubwerera kumbuyo kukakankha bolt carrier, chitsulo chonyamula bolt. Ukachuluka, mfuti imakankha mwaukali, imada msanga, zitsulo zimatha msanga. Ukachepa, mumaona zimene ndinaona ine kufamu kuja. Opanga ma barrel ambiri amaboola kabowo kokulirapo dala kuti mfuti iziyenda ngakhale ndi zipolopolo zofooka, pozizira, ili yakuda. Ena amati kumeneko ndi kulakwitsa. Ine tsopano ndimati ndi nzeru.

Ndipo ndinene mosabisa: anthu ambiri ogula gas block yosintha saifuna. Amagula chifukwa aiona pa mfuti ya mnzawo. Ngati barrel yanu ya mainchesi 16 ili ndi gas system ya mid-length, imene kabowo kamakhala pa mtunda wa pafupifupi mainchesi 9 kuchokera pamene barrel yayambira, mfutiyo ndi yofatsa kale kuposa ya carbine imene kabowo kali pa mainchesi 7. Ikakhala ikukankhabe kwambiri, yambani ndi buffer, chitsulo cholemera cha kumbuyo chimene chimachepetsa liwiro la bolt carrier. Ya carbine wamba imalemera pafupifupi ma ounce 3, ya H ndi 3.8, ya H2 imapitirira 4 ndi theka. Kuisintha ndi mphindi imodzi, popanda chida, ndipo buffer siimatidwa ndi mwaye. Yang'ananinso kumene makoko a zipolopolo akugwera. Yerekezani kuti kukamwa kwa mfuti ndi 12 koloko. Akamagwa cha pa 3 kapena 4 koloko, zisiyeni choncho. Akamathawira kutsogolo cha pa 1 kapena 2 koloko, mpweya wachuluka.

Amene amafunadi gas block yosintha ndi awiri. Woyamba ndi wa suppressor, chochepetsa phokoso la mfuti, chifukwa chinthucho chimabweza mpweya wambiri m'mbuyo moti utsi umakulowani m'maso mpaka misozi. Wachiwiri ndi wa mipikisano amene wapepukitsa bolt carrier ndipo amawombera zipolopolo za mtundu umodzi chaka chonse. M'imelo yanu simunatchule chilichonse mwa ziwirizi.

Ngati mwatsimikizabe

Yezani kaye malo pa barrel pamene block imakhala. Kunenepa kwake mu mainchesi, ambiri ndi .750, ma barrel owonda ndi .625, onenepa ndi .875 kapena .936. Mukaphonya apa mwataya ndalama. Onaninso ngati ikwane mkati mwa handguard, ndiponso ngati mungaifikire kuchokera kutsogolo osamasula kanthu. Block ya clamp, yomangidwa mofinya barrel, imakhala yonenepa pansi, choncho nthawi zina imakhudza handguard yopapatiza. Ya set screw ndi yowonda, koma imafuna barrel yokhala ndi kadzenje koti screw ilumepo. Sankhani yokhala ndi ma click omveka, osati yodalira ka screw kena kotsekera. Makampani a SLR Rifleworks ndi Seekins Precision ali ndi zopana mpweya, Superlative Arms ili ndi yotha kutayira wotsalawo kutsogolo, ndipo Riflespeed mumaitembenuza ndi dzanja popanda chida, ngakhale mtengo wake umaluma.

Poichuna, panani mpweya, ikani chipolopolo chimodzi m'magazini, wombani. Pitirizani kutsegula pang'onopang'ono mpaka bolt itatsalira kumbuyo magazini atatha, kenako onjezerani ma click awiri. Muchite izi ndi zipolopolo zofooka kwambiri mwa zimene mumagula, tsiku lozizira, osati monga ndinachitira ine. Ndipo nthawi iliyonse mukachoka kowombera, tembenuzani screw uku ndi uku, n'kuibwezera pamalo pake.

Pa mfuti yanga ija ndinabwezerapo block wamba yopanda chosintha ndi buffer ya H2, ndipo yadutsa nyengo zachisanu zingapo osakanapo. Yosintha yachiwiriyo ikudikira m'kabati tsiku limene mayi a kunyumba adzavomereze za suppressor.