Za batire ya nyukiliya ija: yambani ndi CASINO, nickel-63 muisiye kaye

Achimwene, mwafunsa komwe mungapeze nickel-63 ya pulojekiti yanu ya chaka chomaliza ku Chanco, komanso pulogalamu yoyeserera pa kompyuta batire ya betavoltaic, yomwe imasandutsa mphamvu ya ma electron otuluka mu nickel-63 kukhala magetsi. Ndiyankha za pulogalamuyo, chifukwa ndi imene inandisowetsa tulo miyezi itatu.

Zopeza nickel-63 zichokeretu m'mutu. Amaipanga mu riyakitala, ndipo chinthu chotulutsa radiation sichilowa m'dziko muno popanda chilolezo cha AERA, bungwe la boma loyang'anira za nyukiliya. Amene akuti mukafune uranium ya ku Kayelekera aja akukusocheretsani. Uranium-238 imatenga zaka 4.5 biliyoni kuti ithe theka, ndiye mphamvu imene imatuluka m'kachidutswa kakang'ono ndi yosanunkha kanthu.

Yambani ndi pulogalamu ya CASINO, ya ku Université de Sherbrooke. Ndi yaulere, ndi yopepuka, ndipo imakuonetsani ndi maso mmene ma electron akumwazikira akalowa mu silicon. Pulogalamu ina, Geant4 ya ku CERN, nayo ndi yaulere koma imafuna kudziwa chilankhulo cha kompyuta cha C++, muikhudze mukakhazikika.

Pamene ndinagwera ine ndi apa. Ndinapatsa electron iliyonse mphamvu ya 17 keV, poti mabuku amati ndiyo avareji ya nickel-63. Koma ma electron enieniwo amatuluka ndi mphamvu zosiyanasiyana, kuyambira pafupi ndi ziro mpaka 67 keV. Ofooka amathera mu nickel momwemo, amphamvu amalowa patali. Ndiye junction yanga, malo a mu silicon pomwe mphamvu ya ma electron imasanduka magetsi, ndinaiika pakuya polakwika, manambala n'kumaoneka okongola koma ali abodza. Ndinkawonjezeranso kunenepa kwa nickel poganiza kuti mphamvu ikwera, osadziwa kuti ikapitirira ma micrometre awiri kapena atatu, ya pansi imangomeza ma electron ake omwe. Aphunzitsi anazunguliza tebulo lonse ndi cholembera chofiira kutatsala masabata atatu kuti ndipereke. Ikani spectrum yonse, kutanthauza mphamvu zonse zosiyanasiyana zija, kuyambira tsiku loyamba, chonde.

Pokonza zimenezo ndinasiya Geant4 ikuyenda masiku awiri m'kachipinda kanga ku Chikanda, laputopu itakhala pa njerwa ziwiri kuti isatenthe. Batire yake inali itafa kale. Magetsi atangothima, zonse zinapita. Muzidula ntchito m'tizigawo n'kumasunga zotsatira za kalikonse. 

Poona ngati manambala anu ali m'njira, yerekezani ndi BV100 imene kampani ya Betavolt ya ku Beijing inalengeza mu 2024: nickel-63 ndi diamond, 15 mm ndi 15 mm ndi 5 mm, ma microwatt 100 pa ma volt 3. Yanu ikamatulutsa ma milliwatt pa sikweya sentimita imodzi, pali pamene mwaphonya. Ndipo mu proposal musalembe zotchaja foni. Lembani za tisensa tomwe timakhala zaka zambiri pamalo povuta kufika kukasintha batire, monga pansi pa mlatho.