Mwana wanu sanabe chifukwa cha CJ, komabe mchotsereni gemuyo

Kalata iyi yagona mu imelo yanga masabata awiri. Ndimati ndikaitsegula, ndiwerenge, nditseke, ndinyamuke kukafulula tiyi. Alemba ndi mayi wina wa ku Area 25. Mwana wawo wamwamuna wa zaka 11 walowerera pa gemu ya GTA San Andreas, pa foni ya mkulu wake komanso pa kashopu ka magemu kufupi ndi kwawo. Tsiku lina m'chikwama munasowa K5,000, ndipo atamupanikiza anaulula kuti yathera kushopuko. Funso lawo: "Kodi gemu yomangoba magalimoto imeneyi si imene ikumuphunzitsa kuba? Nditani?"

Mayi, chimene chinandichedwetsa n'chakuti mwana mukunenayo ndine ndemwe. Kungoti ine zinandichitikira ku Kawale, m'chaka cha 2006, ndili Sitandade 7.

Mayi anga ankakazinga mandasi. Ndalama za tsikulo ankamanga pa nsonga ya chitenje, koma za mpamba, zogulira fulawa ndi mafuta, zinkakhala m'kachitini ka mkaka kuseri kwa sutikesi pansi pa bedi. Iwo ankaganiza kuti akudziwa okha. Ndiye kuseri kwa chigayo china kunali kanyumba ka zipinda ziwiri: china vidiyo sho, china ma TV awiri achimsana aja ndi PlayStation 2. Mabenchi a matabwa, fungo la thukuta ndi chipisi, anyamata khumi ndi kuposerapo kuthithikana kuonerera anthu awiri akusewera. Umalipira ndalama yako, mwiniwake n'kuyang'ana wotchi ya pamkono. Magetsi akazima pakati, yako yapita, osatsutsa.

Ambiri ankabwerera mpira. Ine tsiku loyamba ndinapeza wina akupalasa njinga pa TV. Munthu wakuda ngati ife, dzina lake CJ, wovala vesiti yoyera, akupalasa kanjinga m'misewu ya tauni yaikulu. Ndinafunsa kuti akupita kuti. Anandiyankha kuti kulikonse kumene ndikufuna. Sindinamvetse. Magemu onse amene ndinkawadziwa ankakuuza chochita: menya uyu, dumpha apa, chinya chigoli. Koma muno munthu amatha kusiya mishoni n'kupita kukameta, kukagula malaya, kukadya mpaka kunenepa, kenako kukanyamula zitsulo kuti achepe. Amatha kusambira m'nyanja, kukwera phiri, kuwulutsa ndege. Matauni atatu m'gemu imodzi, Los Santos, San Fierro ndi Las Venturas, amene ndinadzamva nditakula kuti anatengera Los Angeles, San Francisco ndi Las Vegas. Tangoganizani mwana wa ku Kawale amene ulendo wake wautali unali wopita kumudzi ku Mitundu pa matola, ngakhale ku Salima anali asanafikeko, lero akuyendetsa galimoto kudutsa chipululu dzuwa likulowa. Mayi, zinkakoma. Sindikunamizani.

Ndinayamba ndi K20. Kenako K20 ina. Kenako ndinaona kuti sakuwerenga tsiku lililonse, ndiye dzanja linalemera. Tsiku limene anandigwira, mpamba unali utaperewera moti sakanatha kugula fulawa yokwanira. Malume anali atathyola kale mkwapulo. Mayi anawaletsa. Anangoti, "Kuyambira mawa tizidzuka limodzi." Masabata atatu ndinadzuka 4 koloko m'bandakucha, mwezi wa June, chisanu cha Lilongwe chija cholowa m'mafupa, kukanda ufa, kusonkha makala, kenako kusenza beseni kukalisiya pamsewu ndisanapite kusukulu. Pamenepo m'pamene ndinadziwa kuti K20 ndi mandasi angati, ndipo mandasi amenewo ndi utsi wochuluka bwanji m'maso.

Tsopano funso lanu. Kodi ndinaba chifukwa CJ amaba magalimoto? Ayi. Ndaliganizira zaka zambiri, ndipo yankho ndi ayi. Pamene ndinkalowetsa dzanja m'chitini, m'mutu mwanga munalibe zoti ndikhale chigawenga. Munali wotchi ya pamkono ija. Mphindi zinkatha ndili pakati pa mishoni, wina n'kunditsomphola pad m'manja, ine n'kubwerera kunyumba mtima uli komweko. Msuweni wanga ankabanso chimodzimodzi, koma iye zake zinali za mpira basi, GTA sankaifuna n'komwe. Ena ankabera vidiyo sho, ena pool. Masiku ano anyamata akubera beti. Chinthu chilichonse chokoma chimene chimagulitsidwa pang'onopang'ono kwa mwana wopanda ndalama chimamutuma kuchitini.

Ndipo azungu okhaokha akangana nkhaniyi kwa zaka zambiri. Ku America, boma la California linakhazikitsa lamulo loletsa kugulitsa magemu achiwawa kwa ana, koma bwalo lalikulu la dzikolo linalithetsa mu 2011. Mu 2020 bungwe la akatswiri a zamaganizo la American Psychological Association linanena kuti palibe umboni wokwanira woti magemu oterewa ndi amene amachititsa munthu kuchita chiwawa chenicheni, ngakhale kuti amavomereza zoti akhoza kuwonjezera kaukali pang'ono, monga kukalipa ndi kukankhana. Anzanga amene tinkakhala nawo pa mabenchi aja, wina ndi mphunzitsi, wina amakonza mafiriji ku Mchesi, wina ndi dikoni. Palibe anabapo galimoto. Ambiri a ife mpaka lero tilibe ngakhale layisensi.

Pofika apa ndimafuna ndikuuzeni kuti musade nkhawa, ndi gemu chabe. Ndinalembadi choncho poyamba. Kenako ndinafufuta, chifukwa sabata yomweyo ndinakhala pansi n'kuyatsa GTA V, ina ya magemu a GTA omwewa, pa laputopu mphwanga wa zaka 10 ali pambali panga, ndipo patangotha mphindi zochepa ndinayamba kutsitsa voliyumu, kenako kumutuma madzi akumwa, kenako kungozimitsa.

Gemu imeneyi si ya ana. Sindikunena ine, anena eni ake. Pa chikuto pali 18 kwa a ku Ulaya, ndipo ku America pali chilembo M, kutanthauza wa zaka 17 kupita m'tsogolo. Kuba magalimoto kumene mwaonako ndi kochepa. Muli kutukwana koti munthu sungabwereze pamaso pa apongozi. Muli mabala ovinira amayi ali buno bwamuswe. Umatha kuimitsa galimoto usiku n'kunyamula mayi woyendayenda. Mu GTA V muli mishoni ina imene wosewera, kudzera mwa munthu wa m'gemumo wotchedwa Trevor, amazunza munthu womangidwa pa mpando, kumuzula dzino ndi pulayala, kumugwiritsa magetsi, ndipo sungapitirire nkhaniyo osachita zimenezo ndi zala zako. San Andreas yomweyi inabweretsa mpungwepungwe mu 2005 anthu atatulukira kagawo ka zogonana kamene kanabisidwa m'kati mwake, mpaka kampani ya Rockstar, imene imapanga GTA, inachita kutulutsa ina yokonzedwa. Ndiye ife tikuika izi m'manja mwa mwana wa Sitandade 5, n'kumati bola ali phee sakuyendayenda.

Chimene chimandinyansa kwambiri n'chakuti gemuyi ndi yanzeru, koma nzeru zakezo mwana sazimva. Anayambitsa GTA ndi anthu a ku Scotland, ku Dundee, mu 1997, ndipo situdiyo yake yaikulu ili ku Edinburgh. Si a ku America ayi. Akuseka America: dyera lake, apolisi ake akatangale, andale, mawayilesi, anthu opembedza ndalama. Ukamvetsera mawayilesi a m'galimoto zija ndi Chingerezi chako chokhwima, umaseka mpaka misozi. Nkhani ya CJ yeniyeni ndi ya mnyamata amene wabwerera kwawo kudzalira maliro a mayi ake, n'kugwa m'manja mwa wapolisi woipa amene akumugwiritsa ntchito zonyansa. Ine ku Kawale sindinamvepo ngakhale chimodzi mwa zimenezi. Tinkadumpha zolankhula zonse kuti mphindi zisathe. Chimene chinkatsala ndi mfuti, liwiro, ndi kugunda anthu oyenda pansi anzako n'kumaseka. Mwana amadya makoko, chipatso chenichenicho osachilawa.

Ndipatuke pang'ono. Anyamata amakonda kunena kuti bwenzi zili bwino atapanga GTA ya Lilongwe. Ndimaseka nawo. Eti uyambire ku depoti, ube minibasi kondakitala ali chilendewere pakhomo, udutse pa mlatho wa Lilongwe dzuwa lili paliwombo anthu ali pikitipikiti, uthawire ku Area 18 pa msewu wodutsana m'mwamba paja, a kabaza akukupingasa uku ndi uku opanda ndi chipewa chomwe. Komanso uiwale zoyenda kumanja monga ku Los Santos, kuno n'kumanzere. Zoseketsa ndithu. Koma m'gemu ukaba galimoto apolisi akuona zimayaka nyenyezi pa kona ya TV kusonyeza kuti akukufuna, apolisi amakuthamangitsa, ukalowa mu galaja n'kupentetsa galimoto nyenyezi zija n'kuzima. Akakupha umadzukira pa khomo la chipatala, wangotaya tindalama. Kuno kulibe nyenyezi. Kuno kuli mawu amodzi, "Wakubaaa!", ndipo msika wonse umasiya malonda. Ndinaonapo ndi maso anga mnyamata, mwina wa zaka 16, atamugwira ndi foni ya munthu cha kumsika waukulu. Sindifotokoza. Ndinangokumbuka chitini cha mayi anga, n'kukwera minibasi osagula chimene ndinapitira. Amene ankamumenya aja sindikhulupirira kuti anaphunzira nkhanzazo pa PlayStation.

Za a m'mashopu ndi ife amalume

Apa ndiye sindinyengerera. Munthu wamkulu amene amalandira ndalama ya mwana wovala yunifolomu 10 koloko m'mawa, n'kumuyatsira gemu ya 18, akudziwa chimene akuchita. Asamanamizire kuti ndi bizinesi. Wogulitsa mowa akapatsa mwana kachasu timatukwana tonse, koma uyu timamuti akuthandiza ana kusangalala. Chimodzimodzi anyamata oika nyimbo ndi mafilimu m'mafoni: San Andreas inatulukira pa mafoni mu 2013, ndipo lero amangokuponyera pa memore khadi pamodzi ndi nyimbo za kwaya, osafunsa kuti foniyo agwiritsa ntchito ndani. Ndi ifenso amalume, ine woyamba. Timafika ndi laputopu, kufuna kuoneka amalume abwino, n'kumuphunzitsa mwana kulemba mawu achinsinsi akuti HESOYAM m'gemumo kuti apeze moyo wodzadza ndi madola 250,000 aulere. Mawa tikupita, mayi ake atsala ndi mwana amene sakufunanso kutsuka mbale.

Ndipo musaganize kuti anapanga zinthuzi mosewera. GTA V itatuluka mu September 2013, inapanga madola 1 biliyoni m'masiku atatu okha, ndipo pano makope ogulitsidwa anapitirira 200 miliyoni. Anthu mazanamazana, ophunzira bwino, amalipidwa kuti wosewera asafune kudzuka pa mpando. Mu GTA ya pa intaneti amagulitsamo ndalama za m'gemu ndi ndalama zenizeni. Kanema woyamba wotsatsa GTA VI atangotuluka mu December 2023, anyamata kuno anathera mabandulo kumuonera mobwerezabwereza, ena mwa iwo alibe n'komwe makina oti adzasewererepo. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linaika kulowerera pa magemu m'gulu la matenda mu 2019. Sindikuti mwana wanu akudwala, ayi. Ndikungoti mukulimbana ndi chinthu chimene chinakonzedwa kuti chigonjetse akuluakulu, ndiye musamuone mwanayo ngati wolodzedwa.

Ine mpaka lero ndimasewera, ndisakubisireni. Loweruka usiku ana akagona, magetsi akakhalapo, ndimatenga galimoto n'kumangoyenda m'mphepete mwa nyanja ya Los Santos, nthawi zina osaombera ndi munthu mmodzi yemwe. Mkazi wanga amati ndine dalaivala wa pa TV. Ndili ndi zaka zopitirira 30 ndipo ndalama ya magetsiyo ndi yanga.

Ndiye mayi, mutani? Nkhani ndi ziwiri, musaziphatikize. Ya kuba, abweze K5,000 ija ndi thukuta lake, kaya kutunga madzi kaya kukuthandizani pa geni, aziona ikuchepa pang'onopang'ono pa pepala. Ya gemu, GTA ichoke mu foni ya mkulu wakeyo lero, mwanayo akuona, ndipo mumuuze chifukwa chake: ndi ya akuluakulu, adzaipeza akakula. Musamulande magemu onse, mungomuphunzitsa kubisa. Mpira ndi mipikisano ya magalimoto zilipo, azisewera Loweruka, ndi ndalama yochokera m'manja mwanu. Kushopu kuja pitaniko nokha masana, mukamuone mwiniwake maso ndi maso, mumuuze kuti uyu ndi wanga, nthawi ya sukulu asaonekere pano. Ambiri amachita manyazi mayi akafika.

Ndinawaimbira mayi anga ndisanalembe izi, kuwafunsa ngati akukumbuka za chitini chija. Anaseka kwa nthawi yaitali. Akuti ankawerenga usiku uliwonse, ndipo anadziwa kuyambira K20 yoyamba ija, ankangodikira kuti aone ngati ndisiye ndekha. Kenako anandifunsa ngati mphwanga akubweranso Loweruka lino, ndiponso ngati laputopu ija ndaiika patali.