Tifunseni: Kusaka pa intaneti ndi chithunzi m'malo mwa mawu

Makalata a mwezi uno achokera ku Ntcheu ndi ku Dedza, ndipo ngakhale olemba ake akufunsa za pampu, za mbatata ndi za bowa, onse atatu akukhudza luso limodzi la pa foni.

FUNSO: Akonzi, ndimalima kabichi ndi tomato kudimba, ndipo ndimagulitsa pa msika wa Lizulu. Ndaona pampu ya sola ikutsatsidwa pa Facebook pa mtengo wotsika kwambiri kusiyana ndi wa m'masitolo a ku Lilongwe. Mwini wake wanditumizira zithunzi zinayi pa WhatsApp, ndipo akuti nditumize theka la ndalama pa foni kuti katunduyo amukweze basi. Mwana wa mchemwali wanga akuti pali njira yofufuzira chithunzi pa intaneti popanda kulemba mawu aliwonse. Kodi zimenezi n'zoona, ndipo zingandithandize kudziwa ngati munthuyu ali ndi pampuyo? Bambo wa ku Lizulu, Ntcheu.

YANKHO: Bambo, mwanayo wanena zoona, ndipo mwachita bwino kufunsa ndalama zikadali m'manja mwanu. Ngati foni yanu ndi ya Android, tsegulani pulogalamu ya Google, ndipo m'kabokosi kamene mumalembamo mawu muonamo kachizindikiro ka kamera. Kameneko ndi Google Lens. Mukakadina, foni ikupatsani mwayi wojambula chinthu chimene chili patsogolo panu kapena wosankha chithunzi chimene chili kale m'foni, ndipo inu musankhe chimodzi mwa zithunzi zinayi zija. Ngati chithunzi chili pa Facebook ndipo chikukanika kusungika, jambulani galasi lonse la foni, kenaka mudulire m'mbali kuti patsale pampu yokha, chifukwa mayina, manambala ndi mawu ozungulira chithunzicho amasokoneza kusakako. Mafoni otsika mtengo a itel ndi Tecno amene ali ndi Google Go, pulogalamu yopepuka ya Google, nawonso amatha ntchitoyi, koma foni ya mabatani siingathe. Pamafunika bandulo, ngakhale kuti chithunzi chimodzi sichidya zambiri.

Ndi bwino kumvetsa chimene chikuchitika mukadina, chifukwa mphamvu ndi malire a luso limeneli zili pomwepo. Makompyuta a Google sakuyang'ana pampu monga mmene inu mumaiyang'anira. Iwo amasandutsa chithunzicho kukhala manambala ofotokoza mitundu, mizere, m'mbali ndi kaumbidwe ka zinthu, kenaka amafananiza manambalawo ndi a zithunzi zina mabiliyoni ambirimbiri zimene adatolera pa masamba osatseka a pa intaneti. Google idayamba kusakira anthu zithunzi mu 2001, koma nthawi imeneyo munthu ankalemba mawu kuti apeze chithunzi. Kusaka kwa chotembenuza, koyambira pa chithunzi kubwerera kumene chidachokera, kudatchuka ndi TinEye, tsamba la kampani ya mumzinda wa Toronto ku Canada limene lidatsegulidwa mu 2008. Google idabweretsa njira yakeyake mu 2011, ndipo Google Lens idabwera mu 2017.

Zotsatira zikatuluka, muona magulu awiri a zithunzi, ndipo anthu ambiri amalakwitsa posakaniza maguluwa. Gulu loyamba ndi la zithunzi zongofanana ndi chanu: mapampu ena a mtundu womwewo, ojambulidwa ndi anthu ena m'malo ena. Zimenezi zikuthandizani kudziwa dzina la pampuyo, kampani yoipanga ndi mtengo wake weniweni, ndipo mukaona kuti paliponse ikugulitsidwa kuwirikiza katatu mtengo umene mwauzidwa, mwapeza kale chifukwa chodekhera. Gulu lachiwiri, limene mulipeza mukadina mawu akuti "Exact matches", ndi la chithunzi chanu chomwecho, mthunzi womwewo, mpanda womwewo kumbuyo, ndowa yomweyo pambali. Apa ndi pamene pagona nkhani yanu. Ngati munthu akunena kuti pampu ili m'nyumba mwake ku Lilongwe, koma chithunzi chake chikupezeka pa tsamba la sitolo ya ku Nairobi kapena ku Johannesburg ndipo chidaikidwapo zaka zitatu zapitazo, ndiye kuti chithunzicho sadajambule yekha. Pa TinEye mungathenso kusanja zotsatira kuyambira pa yakale kwambiri, kotero kuti mumaona tsiku limene tsambalo lidachipeza koyamba. Fufuzani zithunzi zonse zinayi, osati chimodzi, pakuti akathyali amakonda kutola china apa china apo, ndipo nthawi zina pampu ya m'chithunzi choyamba siikhala yofanana ndi ya m'chithunzi chachitatu.

Tsopano mvetsetsani mbali imene ndikuiona kuti ndi yofunika kuposa zonse. Mukafufuza osapeza kanthu, sizikutanthauza kuti wogulitsayo ndi woona. Makina osakirawa amangoona zimene zili poyera. Za m'magulu a WhatsApp sazifika, chifukwa mauthenga ake ndi otsekedwa pakati pa wotumiza ndi wolandira, ndipo zambiri za m'magulu otseka a Facebook nazonso sazifika. Munthu atha kulowa m'sitolo ya eni ake, n'kujambula pampu ngati wofuna kugula, n'kutuluka ndi chithunzi chatsopano chimene intaneti sidachionepo. Atha kutembenuza chithunzi chakale kuti kumanja kukhale kumanzere, ngakhale kuti chinyengo chimenechi nthawi zambiri chimagwidwa. Masiku ano palinso mapulogalamu opeka zithunzi za zinthu zimene kulibe, ndipo chithunzi chopekacho chilibe mbiri yoti muitsate. Choncho kusaka ndi chithunzi kumatha kugwira wabodza, koma kulibe mphamvu yoikira munthu umboni wakuti ndi wokhulupirika.

Akuluakulu amati kutsutsa galu n'kukumba, ndipo kukumba kwanu kupitirire motere. Mupempheni wogulitsayo alembe dzina lanu ndi tsiku la lero pa pepala, aliike pa pampuyo, ajambule. Kuposa apo, mumuimbire foni ya kanema kuti muone pampuyo ikupopa madzi m'ndowa, ndipo akuonetseni kachitsulo kapena kapepala komata pamene pamalembedwa mphamvu yake ndi kutalika kumene imakankha madzi, chifukwa pampu yeniyeni nayonso ikhoza kukhala yosayenera dimba lanu ngati mtsinje uli kunsi kwambiri. Munthu amene ali ndi katundu sangakane zimenezi, pamene wopanda katundu amayamba kudandaula za netiweki ndi kukufulumizitsani kuti pali wina akufuna kugula lero lomwe. Langizo langa ndi lakuti musatumize chikole ngakhale zithunzi zitaoneka zabwino. Kuchoka pa Lizulu kufika ku Lilongwe ndi ulendo wopita ndi kubwerera tsiku lomwelo pa msewu wa M1, ndipo ndalama ya minibasi ndi yochepa poyerekeza ndi theka la mtengo wa pampu. Ngati simungachoke pa malonda anu, tumani wachibale wa mumzinda akaione ndi maso, alipire atainyamula.

Luso lomweli mudzaligwiritsenso ntchito nyengo ya mvula ikafika, pamene zithunzi za milatho yokokoloka ndi nyumba zomira zimayamba kuzungulira m'magulu. Zina zimakhala za namondwe wa Idai wa mu 2019 kapena wa Freddy wa mu 2023, zina za maiko ena, koma zimalembedwa kuti ndi za m'mawa uno pa mlatho wakutiwakuti. Mphindi ziwiri zofufuza musanatumize kwa ena zingapulumutse munthu ku mantha opanda pake kapena ku kusiya ulendo wofunika.

FUNSO: Ndili ndi munda wa mbatata ya kachewere, ndipo masamba ayamba mawanga akuda. Nditajambula ndi Google Lens, yandionetsa matenda atatu osiyana. Ndagulanso botolo la mankhwala opopera lochokera ku Mozambique, lolembedwa m'Chipwitikizi chokhachokha. Ndikhulupirire chiyani? Mayi wa ku Bembeke, Dedza.

YANKHO: Mayi, foni yakuonetsani matenda atatu chifukwa pa chithunzi matenda ambiri a mbatata amafanana, ndipo ntchito ya Lens ndi kufananiza maonekedwe basi. Siidziwa kuti ku Bembeke kwakhala nkhungu ndi mvula yamawawa sabata yonse, siingatembenuze tsamba, ndiponso siingakumbe pansi kuona mbatatayo. Zimenezo ndi za inu, ndipo ndi zimene zimasiyanitsa matendawa.

Pitani kumunda m'mamawa mame asanaume. Ngati mawangawo ndi akulu, ooneka ngati onyowa, oyambira m'mbali kapena kunsonga kwa tsamba, ndipo kunsi kwa tsambalo kuli tinkhungu toyera m'mphepete mwa banga, chimenecho ndi chiwawu choopsa chija chimene chimakonda malo ozizira ndi achinyezi monga kumapiri a Dedza ndi ku Tsangano. Ndi nthenda yomweyo imene idaononga mbatata ku Ireland kuyambira mu 1845 n'kudzetsa njala yaikulu, ndipo imatha kupsereza munda wonse m'masiku ochepa, kotero kuchedwa n'kowononga. Ngati mawangawo ndi ouma, ofiirira, okhala ndi mizere yozungulira yosanjikizana, ndipo ayambira pa masamba akale a m'munsi, imeneyo ndi nthenda ina yofala pang'onopang'ono. Koma ngati chomera chikufota chikadali chobiriwira pamene nthaka ili yonyowa, dulani tsinde pafupi ndi nthaka, muviike mbali yodulidwayo m'tambula ya madzi oyera. Mukaona timizere toyera ngati mkaka tikutsika kuchokera pa tsindelo, ndi nthenda ya tizilombo ta m'nthaka imene mankhwala opopera saichiritsa, ndipo chofunika ndi kuzula zomerazo pamodzi ndi dothi lake, kuzitayira kutali, ndi kupumitsa malowo ku mbatata ndi tomato kwa zaka zingapo.

Alipo mapulogalamu amene adapangidwira ulimi, monga Plantix wa ku Germany, ndi Nuru wa bungwe la PlantVillage la ku Penn State University ku America, amene amadziwika pozindikira matenda a chinangwa ndi mbozi zowononga chimanga zimene zidalowa mu Africa mu 2016. Awa amaposa Lens pa nkhani ya mbewu chifukwa adaphunzitsidwa ndi zithunzi za m'minda. Komabe inu muli ndi mwayi umene alimi ambiri alibe, pakuti ku Bembeke komweko kuli malo a boma ofufuzira za ulimi kumene mbatata ya kachewere amaidziwa bwino, ndipo mlangizi wa dera lanu mutha kumutengera masamba atatu m'pepala.

Za botololo, apa Lens ingakuthandizeni ndithu. Dinani pamene palembedwa "Translate", mulozetse kamera pa mawuwo, ndipo asanduka Chingerezi kapena Chichewa pa galasi pomwepo, chifukwa Google Translate ili ndi Chichewa kuyambira mu 2014. Ndikulangizani kuti muwerenge zinenero zonse ziwiri, pakuti Chichewa cha makina chimaphonya mawu a sayansi. Yang'anani dzina la mankhwala enieni amene ali m'katimo, mlingo wothira m'malita a madzi, tsiku lothera mphamvu, ndi mawu akuti "intervalo de segurança", amene akutanthauza masiku oyenera kudutsa pakati pa kupopera komaliza ndi kukolola. Manambala muwawerenge ndi maso anu pa botolo penipenipo, chifukwa pa botolo lobulungira kapena lonyezimira kamera imatha kutaya kadontho, 2.5 n'kukhala 25. Dziwaninso kuti kumasulira mawu sikutsimikiza kuti za m'botolo ndi zomwe zalembedwa kunja, kapena kuti mankhwalawo ndi ololedwa kuno. Olembetsa mankhwala a mbewu m'Malawi ndi a Pesticides Control Board, ndipo mlangizi yemwe uja angakuuzeni ngati dzinalo lili pa mndandanda wawo musanathire m'sipuleya.

FUNSO: Ana anga amazula bowa m'nkhalango nthawi ya dzinja, ndipo wamkulu amajambula ndi foni kuti adziwe wodyedwa. Kodi ndiwalole? Mayi wa ku Chongoni, Dedza.

YANKHO: Ayi, mayi, musawalole, ndipo pa ichi sindikupatsani mbali ziwiri. Zithunzi zambiri za bowa zimene zili pa intaneti ndi za ku Europe ndi ku America, pamene utale, manyame ndi ndelema wa m'nkhalango zathu za miombo ali ndi zithunzi zochepa, kotero foni imangotola dzina la bowa wakunja wofanana naye. Ndelema weniweni ali m'banja limodzi ndi bowa wina wakupha kwambiri padziko lonse, ndipo kusiyana kwawo kumakhala pa tsinde, pa kathumba ka pansi, pa fungo ndi pa mtengo umene wamera pafupi nawo, zinthu zimene chithunzi cha pamwamba sichionetsa. Anawo azipita ndi munthu wamkulu amene wakhala akuzula bowa m'nkhalango imeneyo kwa zaka zambiri, ndipo bowa aliyense amene iye sakumudziwa dzina atsale komweko. Wina akayamba kusanza kapena kutsekula m'mimba atadya bowa, ngakhale patadutsa maola 6 kapena tsiku lathunthu, muthamangire naye kuchipatala mutatenga bowa wotsalayo kapena ndiwo za mumphika. Musabwerere m'njira poona kuti wayamba kupeza bwino, chifukwa zizindikiro za poizoni wa bowa wa mtundu umenewu zimatha kuleka kwa tsiku limodzi kapena awiri pamene poizoniyo akuononga chiwindi.