Regulator yoyenera jenereta ya galimoto yakale

Achimwene, mwafunsa ngati regulator (kabokosi kowongolera magetsi ochokera mu jenereta) iliyonse ya 12V ingagwire pa jenereta ya galimoto yanu yakaleyo. Ayi ndithu, ma volts ndi poyambira chabe. Onaninso ma amps a jeneretayo, ikakhala ya 30 regulator isaloleze kupyola pamenepo, apo ayi armature (chozungulira cha mkati mwa jenereta) itentha mpaka kupsa.

Pomwe ambiri amagwa ndi pa field (mawaya okulunga opanga maginito mu jenereta), majenereta a Delco-Remy ambiri field yake imapeza earth (kulumikizana ndi chitsulo cha galimoto) kudzera mu regulator pomwe ma Ford akale imapeza earth mkati mwa jenereta momwemo, ndiye mukasokoneza ziwirizi batire sichaja bwino olo mutani. Funsaninso ogulitsa ngati regulatoryo ili ya positive kapena negative earth. Mukamanga musathamangire kuliza injini musanapange polarise (kupatsa jenereta magetsi a batire kwa kamphindi kuti maginito ake aloze mbali yoyenera), apo ayi ma points a mu regulator amapsa. Zikakhala bwino mita iziwerenga cha m'ma 14V.