Penti woyenera sasipenshoni ya Peugeot 404 pa misewu ya kwathu kuno

Achimwene, mwafunsa kuti popeza mwamasula sasipenshoni yonse ya pikapu ya Peugeot 404 imene anakusiyirani malemu bambo anu ku Bembeke, mupake chiyani pa zitsulozo musanamangenso. Ena akuti muzitengere ku Lilongwe akachite powder coating (penti wa ufa woumitsa mu uvuni), ena akuti mungopaka red oxide (pulaima wofiira uja) n'kumathira oyilo wakutha m'munsimo. Ine ndikuti zonse ziwirizi zisiyeni. Palani zitsulozo mpaka ziyere mbee, pakani pulaima wa epoxy, uja wobwera m'zitini ziwiri wosakaniza ndi hadena, kenako penti wakuda wosanyezimira kwambiri pamwamba pake. Galimoto imeneyi si yoseweretsa. Mtundu wa 404 unayamba kupangidwa mu 1960, ndipo ngakhale mapikapu ake anapitiriza kuwamanga ku Kenya mpaka 1991, chitsulo chilichonse chimene muli nacho pamenepo chikatha mudzachisaka movutikira.

Malangizo ambiri amene mungawapeze pa intaneti amachokera ku mayiko ozizira kumene amathira mchere m'misewu kuti usungunule madzi oundana. Kwathu kuno vuto limenelo kulibe. Chimene chimapha zitsulo za pansi pa galimoto ku Dedza ndi miyala imene matayala amalasa pa msewu wafumbi, matope a katondo amene amakakamira m'makona n'kusunga chinyezi mpaka dzinja lithe, komanso nkhungu ya m'mawa imene imanyowetsa chitsulo ngakhale mvula isanagwe. Pa pikapu pamawonjezereka feteleza. Thumba likang'ambika pang'ono, timibulu tija timagwera m'ming'alu ya bodi, timasungunuka, madzi ake n'kumadonthera pa masipuling'i a kumbuyo. Feteleza amadya chitsulo msanga kuposa matope. Ndiye penti amene mukufuna ndi wakuti agwire chitsulo zolimba, ndipo mwala ukamutema muthe kukonza nokha ndi burashi pakhomo panu.

Apa ndi pamene powder coating amalepherera. Kachitidwe kake n'kakuti amawaza ufa wouma umene umamatirira pa chitsulo ndi mphamvu ya magetsi, kenako amalowetsa chitsulocho mu uvuni wotentha madigiri 180 mpaka 200 kuti ufawo usungunuke n'kuuma. Chikamatuluka chimakongola zedi, sindikana. Koma mwala ukangoboola penapake, madzi amalowa pansi pake, dzimbiri limayenda mobisika kunja kukuoneka bwinobwino, ndipo tsiku lina mumangoona akusendeka ngati khungu la mbatata yowiritsa, pansi pake pali pofiira. Kukonza kwake n'kumasulanso chitsulo n'kubwerera nacho ku uvuni. Chinanso chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti amakhala wochindikala, moti amatha kukwirira mng'alu umene wayamba pa mkono wa sasipenshoni osauona. Mabushi a labala sangalowe mu uvuni, ndipo mashoko, amene ali ndi oyilo ndi masilo mkati, asayandikireko n'komwe. Galimoto yongoyenda pa tala wa M1 popita ku ukwati, ikapeza mmisiri wopala bwino ndi kuyamba ndi pulaima wa zinki, powder coating angaithandize. Koma yanuyi mwati izitsikira ku Golomoti ndi kukatenga mbatata m'minda.

Red oxide si penti woipa, koma malo ake ndi pa mageti ndi mafelemu a mazenera. Ndi pulaima chabe, ndipo akasiyidwa yekha popanda penti wina pamwamba amalowetsa chinyezi. Oyilo wakutha uja ndiye ayi. Amafewetsa labala wa mabushi, amakoka fumbi n'kupanga phala lokhakhala limene limapera malo oyenda, ndipo ndi woipa pa khungu la munthu. Winanso angakuuzeni zomiza zitsulo mu zinki wosungunuka ngati mmene amachitira ndi malata. Zimenezo zimachitika pa madigiri pafupifupi 450 ndipo amayamba aviika chitsulo mu asidi. Pa mabulaketi wamba zilibe vuto, koma masipuling'i, mikono ya chiwongolero ndi mabawuti olimba zimatha kufooka kapena kuthoboka mwadzidzidzi. Musayese.

Tsopano ntchito yeniyeni ili pa kupala, ndipo ambiri amathamangira apa. Yambani ndi kuchotsa girisi ndi oyilo yense, ndi palafini kenako sopo ndi madzi, muumitse padzuwa. Mukayamba ndi galainda chitsulo chikadali cha mafuta, mafutawo mumangowapaka ponseponse, ndipo penti sagwira. Ngati mungapeze wochita sandblasting, kumene kuli kupala chitsulo pochiwaza mchenga ndi mphamvu ya mpweya, ndalama zimene mumafuna kulipira powder coating ziikeni pamenepo, chifukwa amachotsa dzimbiri m'timaenje momwe ndipo amasiya chitsulo chokhakhala pang'ono, chimene epoxy amachikonda. Koma musalole mnyamata aliyense kuwaza mchenga wa kumtsinje atangomanga kansalu kumphuno. Fumbi la mchenga umenewo limawononga mapapo ndipo matenda ake sachira. Mukapanda kupeza wa sandblasting, gwiritsani burashi ya waya ya pa galainda, koma dziwani kuti imakonda kupukuta dzimbiri n'kulisiya likunyezimira ngati chitsulo chabwino. Tsatizani ndi sandipepala wa nambala 80. M'timaenje mmene sandipepala safika pakani mankhwala opha dzimbiri a phosphoric acid, koma muwatsuke monga chitini chikunenera, chifukwa asidi wotsalira amalepheretsa epoxy kugwira.

Chitsulo chikayera, musanatsegule chitini cha penti, chiyeseni ngati chili ndi mng'alu. Njira ya amakaniko akale ikugwirabe ntchito: pakani palafini pa mkono wa pansi wa sasipenshoni, makamaka mozungulira mabowo a mabushi ndi mmene munawotchereredwa, musiye alowerere, pukutani mpaka uume, kenako perani choko cha kusukulu mupake ponse. Gogodani pang'ono ndi hamala yaing'ono. Ngati pali mng'alu, palafini wobisala mkati amatuluka n'kujambula kamzere konyowa pa choko choyeracho, kopyapyala ngati tsitsi. Mukakaona pa mkono wa chiwongolero kapena pa chitsulo chonyamula habu, musawotcherere. Funani china.

Pakani pulaima tsiku lomwelo mwapala, chifukwa chitsulo choyera chikagona usiku umodzi ku Bembeke mawa lake chimakhala chitayamba kufiira. Nyengonso muiganizire. Boma la Dedza lili pamwamba mamita pafupifupi 1,600, ndipo mu June ndi July kuzizira kumatsika pansi pa madigiri 10, pamene epoxy wambiri sauma bwino. Amakhala wonata kwa masiku. Lamulo la openta n'lakuti chitsulo chikhale chofunda ndi madigiri osachepera 3 kuposa pamene mame amayambira kugwa. Kunena mwachidule, chitsulo chikamazizira m'manja kapena kunja kukakhala nkhungu, dikirani. September ndi October ndiyo miyezi yabwino. Yambani cha m'ma 10 koloko, mumalize dzuwa lisanapendeke, muwaze madzi pansi kuti fumbi lisabuke, ndipo zitsulozo muzipachike ndi waya kuti mufike mbali zonse. Sakanizani epoxy ndi hadena mwa muyeso wolembedwa pa chitini, osati mongoyerekeza, ndipo musakanize wochepa chifukwa akayamba kulimba m'kapu sabwereranso. Pakani kawiri mopyapyala, osati kamodzi mochindikala. Burashi ndi yokwanira, simufunika kompuresa.

Za penti wa pamwamba, enamel wakuda wopaka ndi burashi akukwanirani. Penti wa 2K wa magalimoto, wosakanizanso ndi hadena, ndi wolimba kuposa pamenepo, koma hadena wake ali ndi mankhwala otchedwa isocyanate, amene akapumidwa powaza amayambitsa mphumu yosatha, ndipo kamasiki ka nsalu sikateteza. Popanda chovala kumaso choyenera musamuwaze. Chitini cha pulaima chimanena nthawi imene penti wa pamwamba ayenera kupakidwa. Mukaipitirira, kwechani pang'ono ndi sandipepala musanapake.

Pali malo amene penti sayenera kufikapo, ndipo izi zikukhudza moyo wanu. Matani tepi pa mazinga a mabawuti, m'mabowo osongoka mmene mumalowa bolojointi ndi tayirodi, pokhala maberingi, m'mabowo a mabushi, pa ndodo yonyezimira ya shoko, mkati mwa madiramu a mabuleki, ndi pankhope ya habu pamene pamagona limu. Pansi pa mutu wa bawuti pakhale pulaima wopyapyala yekha. Penti wochindikala amaphwanyika pang'onopang'ono galimoto ikamayenda, ndipo nati imene munaimanga zolimba imapezeka yakhwefuka. Mabawuti odyeka musawapente, gulani atsopano a nambala yofanana ndi yolembedwa pamutu pake, kaya 8.8 kaya 10.9.

Masipuling'i a kumbuyo ali ndi nkhani yawoyawo, popeza zitsulo zake zimakhulana galimoto ikamanesa. Panani mtolo wonse ndi kalampu musanamasule bawuti lapakati, kuti zisakuthyoleni zala. Palani chimodzichimodzi, pakani pulaima wopyapyala, ndipo pomanga ikani girisi wa graphite pang'ono chabe pakati pake. Ena amakana girisi ponena kuti amakoka fumbi, ndipo akunena zoona akachuluka, koma masipuling'i ouma a zaka zimenezi amachita dzimbiri pakati mpaka kutupa n'kuthyoka. Bawuti lapakati ndi mabawuti okhota omanga masipuling'i ku ekiselo akhale atsopano, ndipo muwamangenso mukayenda maulendo angapo oyamba. Masipuling'i opota a kutsogolo muwabwezeretse ndi chopanira chake chenicheni, osati waya kapena chingwe.

Musathamangire kumanga penti asanalimbe, mupatseni sabata yathunthu. Mabawuti a mabushi muwamalizitse galimoto itaima pa matayala ake, apo ayi labala amapotoka n'kung'ambika msanga. Mkati mwa zitsulo zamphako mmene burashi singafike, wazani phula loteteza dzimbiri. Mvula ikatha chaka chilichonse tsukani matope onse m'munsimo, ndipo pamene mwala watema kwechani n'kudonthezapo penti wotsala.

Musanayambe zonsezi, jambulani timbale ta pa mashoko a kutsogolo pamene pamakhala sipuling'i yopota, mutumize zithunzi kuno titaona. Pamenepo pamasunga matope, ndipo chitsulo chake chimatha kupyapyala mpaka kubooka. Ngati chafika potero, payenera kukonzedwa kaye penti asanapakidwe.