Funsani Malume: Ma marker otchipa a pa intaneti andiumira m'manja

Malume, ine ntchito yanga ndi yolongedza katundu wa anthu m'makatoni, ndiye tsiku lonse ndimakhalira kulemba mayina ndi manambala pa makatoni ndi pa mapulasitiki. Marker yabwino imandifikitsa masiku 12. Mwezi wathawu ndinaona wina pa intaneti akutsatsa ma permanent marker 48 pa mtengo umene ndimagulira 20 okha, ndipo pa chithunzi ankaoneka ngati omwe ndimagula nthawi zonse. Atafika, 17 anali ouma kale. Otsalawo akulemba motuwa, ndipo iliyonse ikutha pa masiku 4. Ndinalakwitsa pati? Ndingosiyiratu kugula pa intaneti?
Mayi wolongedza katundu

Pepani amayi. Musasiye, koma tiyeni tiyambe tawerengera, chifukwa manambala mwandipatsa nokha. Pa 48 aja akulemba ndi 31. Wina akhoza kunena kuti mwapindulabe, poti 31 ndi ambiri kuposa 20. Koma inu simugula mapulasitiki oti muziwaunjika mu dirowa, mumagula masiku olembera. Ma marker 31 a masiku 4 akupatsani masiku 124. Aja 20 a masiku 12 akanakupatsani masiku 240. Ndalama yomweyo mwagulira theka la ntchito, ndipo sitinaphatikizepo yotumizira katunduyo.

Inki ya permanent marker ili ndi zinthu zitatu: utoto, kaulimbo komatirira utotowo pa chinthu chimene mwalembapo, ndi madzi osungunulira ziwirizi, omwe masiku ano amakhala a mtundu wa sipiriti, monga ethanol kapena propanol. Mukangolemba, madzi aja amauluka, utoto n'kutsala utakakamira. N'chifukwa chake zolemba zanu pa katoni zimauma musanaike pansi dzanja. Tsono khalidwe lomwelo ndi limene limapha marker. Sipiriti sasankha kuti ali pa katoni kapena m'kati, akapeza kampata amathawa. Chivindikiro chikakhala chogwejemuka, kapena katunduyo akakhalitsa mosungira katundu motentha, marker imafika kwa inu ikuoneka yatsopano, m'kati muli gwa.

Nanenso zinandionekerapo. Zaka zingapo zapitazo ndinaoda bokosi lotere kwa wogulitsa wina, ndikudzitama kuti ndachenjera. Imodzi itauma pa tsiku lachitatu ndinatenga pulayala n'kuzula kachitsekero ka kumbuyo kuti ndione. M'kati mwa marker simukhala kabotolo, mumakhala kachinthu konga thonje lokulungidwa mu pulasitiki, komwe kamamwa inki. Kathonje ka m'menemo kanali kafupi, kosafika ndi theka lomwe la thupi la marker, kwinako kunali mphako chabe. Ndinatsegulanso yakale ya kampani yodziwika imene inali itatha, kathonje kake kanadzaza thupi lonse. Chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere. Kuyambira tsiku limenelo marker yachilendo ndimayamba ndaipepeta m'manja pamodzi ndi imene ndimaidziwa, chifukwa yopepuka kwambiri nthawi zambiri ndiye kuti inki anaumira. Kenako ndimavundukula n'kuvindikiranso. Chivindikiro chabwino chimalira kuti "kwa" ndipo chimafuna kamphamvu pochichotsa.

Zimenezo mumazichita katundu atafika. Musanalipire, chida chanu ndi maso okha, ndiye musawaonongere pa chithunzi. Kampani ya Sanford ku America inatulutsa marker yotchuka yotchedwa Sharpie mu 1964, ndipo kuchokera nthawi imeneyo thupi la marker lakhala chinthu chosavuta kukopera: mtundu womwewo, zilembo zopendekeka zomwezo, kungosintha chilembo chimodzi pa dzina. Werengani dzinalo chilembo ndi chilembo. Kenako fufuzani nambala, chifukwa makampani enieni amatchula katundu wawo ndi manambala. Artline 70 ili ndi nsonga yozungulira ya 1.5mm, Artline 90 ndi ya nsonga yosemedwa mopendekeka. Pentel ili ndi N50 yozungulira ndi N60 yosemedwa, edding ya ku Germany ili ndi 3000. Wogulitsa amene sakutchula nambala, kukula kwa nsonga kapena dzina la wopanga, koma wangodzaza mawu oti yapamwamba, yosatha, yamphamvu, ameneyo akukugulitsani mawu. Sindikunena kuti marker yopanda dzina lotchuka ndi yoipa ayi, zilipo zabwino ndithu. Yondiopsa ine ndi imene ikunamizira kukhala inzake.

Onaninso amene akugulitsa. Pa misika ikuluikulu ya pa intaneti, tsambalo ndi la kampani imodzi koma ogulitsa ndi ambirimbiri, ndipo dzina la amene akukutumizirani limalembedwa mwa tizilembo ting'onoting'ono pafupi ndi mtengo. Ndemanga za ogula muziyambira kumunsi, za nyenyezi imodzi ndi ziwiri, makamaka zaposachedwa zokhala ndi zithunzi zojambula okha. Anthu atatu osadziwana akanena kuti "anafika ouma", tsekani tsambalo. Mtengo wokhwatchidwa uja, wosonyeza kuti poyamba zinali zodula katatu, musaulabadire. Inu gawani mtengo wonse, ndi wotumizira womwe, ndi chiwerengero cha ma marker. Ndipo chiwerengerocho muchiwerenge pa mawu, osati pa chithunzi: pamakhala chithunzi cha dazeni yathunthu pomwe pansi alemba kuti imodzi.

Mukapeza wogulitsa amene mtima wanu wamukhulupirira, yambani ndi kapaketi kakang'ono. Mulembe pa marker iliyonse tsiku limene mwayamba kuigwiritsa ntchito, ikatha mudziwa masiku ake, ndipo mukhala ndi nambala yanuyanu yoyerekezera. Phukusi lalikulu likafika, jambulani kavidiyo pa foni mukulitsegula, muyese marker iliyonse pa pepala limodzi tsiku lomwelo, chifukwa nthawi yodandaulira imakhala ndi malire. Mulipirire pa tsamba pomwepo. Wogulitsa akati mumutumizire ndalama pambali kuti akuchotsereni pang'ono, ndiye kuti akukuchotsani pamene mukanakadandaula.

Koma kwa munthu wolemba tsiku ndi tsiku ngati inu, amayi, phindu lenileni lili pa botolo la inki. Artline, Pilot ndi edding ali ndi ma marker othirirapo inki ndipo amagulitsa inkiyo m'mabotolo. Mugule ma marker abwino atatu kapena anayi ndi botolo la kampani yomweyo, musasakanize. Katoni ndi yokhakhala, imadya nsonga, ndiye nsonga ikaphwanyika n'kukhala ngati kamswachi mpamene mugule ina. Ngati mumagwirira ntchito m'chipinda chotseka, sankhani olembedwa kuti alibe mankhwala osungunulira inki otchedwa xylene. Akale ambiri ankakhala ndi xylene kapena toluene, aja a fungo lobaya m'mutu.

China choti mudziwe, mawu oti permanent amatanthauza kuti madzi sachotsa ndipo sizifufutika wamba. Sakutanthauza kuti dzuwa silingathe. Inki yambiri yotere imasuluka ikakhalitsa padzuwa, yakuda n'kusanduka yofiirira. Katundu wokakhala panja, chitsulo kapena pulasitiki yoterera, amafuna marker ya penti monga uni Paint PX-20 kapena edding 750, zija zokhala ndi kachitsulo m'kati kolira mukamakhutchumula.

Aja 17 musawataye msanga. Zulani kumbuyo, dontheletsani sipiriti pang'ono pa kathonje, tsekani, muwaimike nsonga pansi usiku umodzi. Ena adzuka, ngakhale adzalemba mofooka. Oti munalibe inki kuyambira kale sadzuka.

*

Malume, kuofesi andipatsa udindo wogula zolembera. Pa intaneti ndapeza mabolopeni 100 opanda dzina pa mtengo wa 50 odziwika. Nditenge ati? Abwana amakonda a jelo, ena akufuna aja ofufutika.
Kalaliki watsopano

Achimwene, bolopeni siyovuta ngati marker. Inki yake ndi yamafuta, yolimba, siuluka msanga, ndiye kugula zambiri nthawi imodzi kulibe vuto. Mtima wa bolopeni ndi kampira ka kunsonga. BIC Cristal, imene inatuluka ku France mu 1950, ili ndi kampira ka 1mm ka chitsulo cholimba kwambiri chotchedwa tungsten carbide, ndipo imodzi imalemba mzere wa makilomita awiri kapena kuposerapo. Yopangidwa mwachisawawa imalephera pa kampira pomwepo: imadumphadumpha, imalavula inki pa pepala, kapena imaima inki ikadali yodzaza. Muofesi mukadzaona anthu akupukusa bolopeni pa chikuto cha buku, kuiuzira mpweya, kenako kuiponya mu bini n'kutenga ina, mudziwe kuti 100 aja akutha liwiro la 40. Ine ndikanatenga 50 odziwikawo, pokhapokha mutayesa kaye ochepa a enawo kwa mlungu. Pa zithunzi za ogula yang'anani pamene inki yalekezera mu kapaipi, ena amathira theka.

A jelo amalemba mosalala, n'zoona, koma inki yake ndi yamadzi ndipo imatuluka yambiri, motero amatha msanga. Agulireni abwana awiri abwino ndi timapaipi tosinthira, osati bokosi. Ofufutika aja, monga Pilot FriXion, inki yake imazimirira ndi kutentha kwa madigiri pafupifupi 60, ndiye ndi abwino polemba zokonzekera, koma asayandikire cheke, risiti kapena pangano. Pa mapepala ofunika kusungidwa funani bolopeni yolembedwa ISO 12757-2, chizindikiro choti inki yake inayesedwa kuti ndi yoyenera zikalata. Ngati ena mwa mabolopeniwo adzafika m'manja mwa ana, onani kuti chivindikiro chili ndi kabowo pamwamba. Si kulakwitsa kwa fakitale, n'koti mpweya uzidutsa mwana akachimeza mwangozi.

*

Malume, ndinaoda ma marker a pa bolodi loyera koma anabwera a permanent. Ndazindikira nditadzaza kale bolodi lonse. Latha basi?
Mphunzitsi

Silinathe, aphunzitsi. Bwerekani marker yeniyeni ya pa bolodi, mudutsitse pamwamba pa zolembazo pang'onopang'ono, mupukute isanaume. Sipiriti wa mu inki yatsopanoyo amasungunula yakaleyo, ndipo inki ya pa bolodi ili ndi timafuta toletsa utoto kumatirira, ndiye zonse zimachokera limodzi. Poti bolodi ndi lonse, kansalu konyowetsa ndi sipiriti kafulumira kuposa pamenepo. Musakwechepo ndi chokhakhala, mungalipale, ndipo bolodi lopalika limagwira inki iliyonse. Ma marker olakwikawo akulungeni tepi pa thupi kuti musadzawasokonezenso, muzilembera ma tchati.