Funsani za Maulendo: Kuyenda Panokha ku India, China ndi Thailand

FUNSO: Ine ndi amuna anga tikufuna kukaona India patokha, osadzera ku makampani okonza maulendo. Tamva kuti sitima ndiyo yotchipa, koma tikiti imene tapeza pa intaneti yalembedwa WL 23. Tigule? — Mayi wa ku Namiwawa, Blantyre

YANKHO: Mayi, dekhani kaye. WL 23 ndiye kuti malo adzaza, inu ndinu a nambala 23 pamzere wodikira, ndipo mumasendera kutsogolo pokhapokha ena akabweza matikiti awo. Mndandanda wa okwera umatuluka patatsala maola angapo kuti sitima inyamuke. Ukakupezani mudakali pa WL, tikiti ya pa intaneti imafa yokha, ndalama zimabwerera, koma sitima simukwera. RAC ndi yabwinoko: mumakwera, kungoti bedi limodzi mumagawana ndi munthu wina, usiku wonse chokhala. Tikiti yoti mugone nayo tulo ndi yolembedwa CNF.

Kuyambira pa 1 November 2024, matikiti amayamba kugulitsidwa kutatsala masiku 60, osati 120 ngati kale, ndipo a sitima zotchuka sachedwa kutha, makamaka nyengo ya Diwali cha mu October kapena November. Tsegulani akaunti ya IRCTC, kampani yogulitsa matikiti a sitima za ku India pa intaneti, mudakali kuno, chifukwa nambala ya foni yakunja ndi makhadi ena a banki zimavuta kulandiridwa, ndipo si zolimbana nazo muli kale pa siteshoni.

Pa ulendo wa usiku sankhani kalasi ya 3A kapena 2A. Mumakhala makina oziziritsa mpweya, ndipo amakupatsani nsalu zofunda, bulangete ndi pilo. SL ndi yotchipa zedi koma zofunda mulibe, pomwe kumpoto kwa India mu December ndi January kumazizira kolapitsa, chifunga n'kumachedwetsanso sitima. Mu 3A mabedi amasanjikana atatu. Masana lapakati limapindidwa ndipo onse amakhala pa lapansi, choncho wofuna kugona nthawi imene wafuna atenge lapamwamba.

 Ku New Delhi, madobadoba a panja pa siteshoni adzakuuzani mwaulemu ndithu kuti ofesi yogulitsa matikiti yatsekedwa, n'cholinga chokukokerani ku shopu yawo. Musawamvere. Popita ku Taj Mahal, Gatimaan Express imanyamukira pa siteshoni ya Hazrat Nizamuddin, osati New Delhi, ndipo imafika ku Agra pasanathe maola awiri. Lachisanu siyenda, nayonso Taj Mahal imakhala yotseka tsikulo.

Chinanso chimene simunafunse: ndege zambiri zochokera kuno zimadzera ku Addis Ababa kapena Nairobi, mizinda ya m'mayiko amene amawerengedwa kuti kuli yellow fever. India sanyengerera pa nkhaniyi, ndipo wopanda khadi lachikasu la katemera akhoza kusungidwa kwayekha mpaka masiku 6. Khadilo limayamba kugwira ntchito pakatha masiku 10 chibayireni katemera, ndiye osabayitsa mawa lake muli paulendo.

FUNSO: Ndikupita ku Guangzhou kukapikula katundu koyamba. Ndikufuna nditadumphirako ku Hong Kong kwa masiku awiri, kenako ndibwerere kudzatumiza katundu wanga. Zitheka? — Wageni wa ku Area 25, Lilongwe

YANKHO: Mtunda si vuto, achimwene. Sitima yothamanga yochokera pa Guangzhou South imafika pa siteshoni ya West Kowloon ku Hong Kong mkati mwa pafupifupi ola limodzi. Msampha uli pa viza. Hong Kong ili ndi malire akeake, moti mukangowoloka ndiye kuti mwatuluka mu China. Ngati viza yanu ndi yolowera kamodzi, yathera pomwepo, katundu n'kutsala tsidya lino inu muli tsidya linalo. Onani mzere wosonyeza kuti mungalowe kangati: pakhale 02 kapena M, osati 01. Ikakhala ya kamodzi, malizani zonse ku Guangzhou, Hong Kong ikhale yomaliza ndipo ndege yobwerera muikwerere komweko.

Foni muikonzeretu musananyamuke. WhatsApp, Facebook ndi Google sizitseguka pa intaneti ya ku China, pomwe pafupifupi aliyense, ngakhale wogulitsa zipatso, amalandira ndalama kudzera pa WeChat Pay kapena Alipay. Lumikizani khadi lanu la banki ku imodzi mwa izi, koma musunge ma yuan pang'ono m'thumba. Pasipoti ndiyo imakhala tikiti yanu ya sitima, choncho dzina pogula lilembedwe ndendende monga liliri m'pasipotimo. Ngati si chionetsero cha Canton Fair chimene mukutsata, pewani nyengo yake, imene imayamba pakati pa April ndi pakati pa October, pakuti mahotela amakwera mtengo moboola m'thumba. Sabata yoyamba ya October ndi tchuthi cha dziko lonse, malo ambiri opikulirako amatseka.

FUNSO: Ndapeza ndege yotchipa yochoka ku Bangkok kupita ku Chiang Mai patangotha maola awiri ndege yanga yaikulu itatera. Nthawiyi ikwana? — Mtsikana wa ku Mzuzu

YANKHO: Ayi, achemwali. Bangkok ili ndi mabwalo a ndege awiri: BKK ndi Suvarnabhumi, kumene ndege zochokera ku Africa zimatera, ndipo DMK ndi Don Mueang, kumene zambiri zotchipa zimanyamukira. Pakati pake pali ulendo wa ola limodzi kapena kuposerapo, musanawerengere mzere wodinditsa pasipoti ndi kudikira chikwama. Popeza matikitiwo ndi osiyana, mukaiphonya palibe wokubwezerani kanthu. Siyani mpata wa maola osachepera asanu, apo ayi gonani ku Bangkok, mawa lake mukwere sitima ya usiku pa siteshoni ya Krung Thep Aphiwat. Imayenda maola pafupifupi 13, ndipo pemphani bedi lapansi, ndilo lalikulupo komanso lili ndi zenera.